Maphunziro a Kaizen Afike kwa Eni Ntchito

Pamene dziko la Japan linali kudzuka pa chipasuko cha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, m'chaka cha 1950, akatswiri a kumeneko anaitana W. Edwards Deming wa ku America kuti awaphunzitse kapangidwe ka katundu wosanyozeka. Ndipo chimene munthuyu anachilalikira moyo wake wonse, chimene ambiri a ife sitinachimvetse kufikira lero lino, n'chakuti zolakwa zochuluka za pantchito sizibadwa mu ulesi wa wantchito ayi, koma m'dongosolo limene akuluakulu analikhazikitsa. Ku Toyota, Taiichi Ohno anaphunzitsa anthu ake kuti vuto likaoneka azifunsa kasanu kuti "chifukwa ninji?" kufikira muzu wake utapezeka, ndipo ngakhale wantchito wamba analoledwa kukoka chingwe n'kuimitsa makina ataona chilema pagalimoto, wosaopa chidzudzulo.

Nzeru imeneyi, yotchedwa Kaizen, inafika ndithu kwathu kuno, pakuti Unduna wa Zaumoyo, mothandizidwa ndi bungwe la JICA, unailowetsa m'zipatala pamodzi ndi njira ya 5S, ndiyo kupatula zofunika kwa zosafunika, kuika chilichonse pamalo pake, kuyeretsa, kukhazikitsa muyeso, ndi kusunga mwambowo masiku onse.

Koma mtima wanga uli ndi nkhawa pa kaphunzitsidwe kathu. Kawirikawiri maphunziro a pantchito timawatengera kuhotela ya kunyanja, ku Mangochi kapena ku Salima, kumene amapita mabwana okhaokha, nabwerako ndi satifiketi ndi alawansi; pamene namwino amene amafunafuna faelo ya wodwala m'mulu wa mapepala, makaniko amene sipanala imamsowa tsiku ndi tsiku, ndi mayi wokolopa amene amadziwa mpope uliwonse wodontha, atsala m'mbuyo osafunsidwa kanthu. Akale anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nanga ife tiphunzitsiranji amene sakumva kupotako?

Kunena zoona, maphunzirowa safuna chuma chambiri: bolodi, choko, ndi mphindi zochepa m'mawa pamalo pomwe pa ntchitopo, anthu nasankha vuto limodzi, nayesa kakusintha kakang'ono, naona zotsatira zake, nasunga chimene chathandiza. Chovuta chili pena. Ife tinaleredwa kuti wamng'ono asatsutse mkulu, ndipo ulemu umenewo ndi chuma chimene sindifuna kuti chitayike. Komatu ulemu ukasanduka mantha, wantchito amaona cholakwa nakhala chete, ndipo kampani imaluza, wodwala navutika. Chifukwa chake woyamba kuphunzira akhale bwana mwini, aphunzire kutuluka mu ofesi, kufunsa modzichepetsa, ndi kuthokoza womuululira vuto m'malo momuopseza.

Inu a mpando m'makampani, m'zipatala ndi m'maofesi a boma, chaka chino ndalama za ulendo wa kunyanja muzigwiritse ntchito pophunzitsa antchito anu onse pamalo pawo pa ntchito, ndipo akayamba kuyankhula muwatchere khutu.