Dokotala Asanagwire Mpeni

Amuna ambiri a msinkhu wathu amadzuka katatu kapena kanayi usiku kukataya madzi, ndipo kukacha sauza munthu. Kawirikawiri chochititsa ndi kachiwalo kotchedwa prostate, kamene kali pansi pa chikhodzodzo ndipo kamazinga njira ya mkodzo. Mwa amuna ochuluka kachiwaloka kamangokula ndi ukalamba, koma mwa ena mumamera khansa. Tikufuna tikambe za bambo amene madokotala amupeza kale ndi khansayi ndipo akulingalira zomuchita opaleshoni. Inu anyamata ndi atsikana musatsegule tsamba lina, pakuti ndinu amene mudzaperekeze atate anu kuchipatala.

Dokotala asanagwire mpeni afunika kudziwa pamene nthenda yalekeza. Kachiwaloka kali ndi kachikopa kopyapyala kokakuta. Khansa ikakhala m'kati mwa kachikopako, kuchotsa prostate yense kukhoza kuchiritsa munthu. Ikaboola n'kufika ku timatumba ta umuna tili kumbuyo kwake, kapena ku chikhodzodzo, ku anabere ndi ku mafupa, mpeni wokha sukwanira. Kuyeza magazi kotchedwa PSA ndi chala cha dokotala zimangopereka chithunzithunzi. Nchifukwa chake wodwala amatumizidwa ku makina a MRI.

Ife amene tinaonetsapo ana a sukulu momwe maginito amakokera misomali sitivutika kumva chiyambi chake. Wodwala amagona pa kabedi kamene kamalowa m'mphako ya maginito wamphamvu zedi. Thupi la munthu ndi lodzala madzi, ndipo tinthu tosaoneka ta m'madzimo timafola potsata maginitoyo. Makinawo amatigwedeza ndi mafunde onga a wailesi, ndipo tikamabwerera m'malo mwake timatulutsa chizindikiro chimene kompyuta imasandutsa zithunzi. Mnofu wa khansa ndi wothinana, madzi sayendamo momasuka, motero umaoneka mosiyana ndi mnofu wabwino. Palibe kucheka, palibenso cheza cha X-ray. Chovuta ndi phokoso longa la chigayo, ndi kugona osagwedezeka kwa mphindi 30 kapena 45. Amene ali ndi chitsulo m'thupi kapena kachipangizo kothandiza mtima kugunda ayenera kuneneratu.

Paul Lauterbur wa ku America ndi Peter Mansfield wa ku Britain analandira mphotho ya Nobel mu 2003 chifukwa cha luso limeneli. Kuno kwathu makina oyamba anafika ku Blantyre mu 2008, makamaka kudzathandiza kufufuza malungo a mu ubongo mwa ana.

Tsono tifike pa chimene abambo amachiopa koma osachitchula. M'mbali zonse ziwiri za prostate mumadutsa mitsempha yaing'ono imene imapatsa mwamuna mphamvu ya m'banja, ndipo pansi pake pali mnofu wogwira mkodzo. Kale opaleshoni inkadula mitsemphayi, kufikira mu 1982 pamene dokotala Patrick Walsh wa pa chipatala cha Johns Hopkins anayamba kuchotsa prostate moilambalala. Koma kuilambalala n'kwabwino pokhapo khansa isanafikeko. Zithunzi zikaonetsa kuti chotupa chaboola kumanzere, dokotala amadula motakata mbali imeneyo n'kusunga mitsempha ya kumanja. Zikaonetsa kuti nthenda yapita patali, angalangize zoitentha ndi cheza champhamvu pamodzi ndi mankhwala ochepetsa mphamvu yachimuna imene khansayi imadyera. Ife tiona kuti nkhani yotere mayi wa kunyumba ayenera kuimva ndi makutu ake m'chipinda cha dokotala, popeza zotsatira zake adzazisenza onse awiri.

Tisawatamande makinawa mopitirira. Kufalikira kochepa kwambiri, koyenera galasi lokulitsa zinthu, kumawaphonya, ndipo nthawi zina zoona zake zimadziwika prostate atachotsedwa n'kupimidwa. Ngati munthu anatengedwa kale kanyama ndi singano kuti akapime, madokotala amayamba adikira milungu ngati 6, chifukwa magazi otsalira amasokoneza zithunzi. Mafupa athupi lonse amaunikidwa mwa njira ina.

Mukapita kukamva zotsatira, tengani kope ndi pensulo. Funsani ngati khansa idakali m'kati mwa kachikopa kaja, ngati mitsempha idzasungidwa mbali zonse kapena imodzi, ndiponso ngati pa msinkhu wa bamboyo opaleshoni ikufunikadi. Khansa zina za prostate zimakula pang'onopang'ono kotero kuti madokotala amangoziyang'anira, n'kumamuitana wodwala kudzayezetsa magazi miyezi ingapo iliyonse.