Alendo okwera mapiri: mlimi wa ku Angónia ndi Tsangano apindulapo chiyani?

Pa 1 Meyi 2023 boma la Mozambique linachotsa lamulo lopempha viza kwa nzika za mayiko 29 zobwera kudzacheza kapena kudzachita malonda kwa masiku ochepa. Pa mayikowo pali Portugal, China, Japan, Germany ndi United States. Cholinga chinali choti alendo achuluke, ndalama zilowe m'dziko. Koma nkhani ya alendo ikamakambidwa, maina omveka ndi a kunyanja yamchere: Ponta do Ouro, Tofo, Vilankulo ndi Ilha de Moçambique. Kuno ku chigawo cha Tete amatchula damu la Cahora Bassa ndi paki ya Mágoè, imene inakhazikitsidwa mu 2013. Mapiri a Angónia ndi Tsangano amabwera kumapeto.

Mlimi wa mbatatesi atha kunena kuti nkhaniyi si yake. Ndi yake, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, alendo amadya, amagona, amafuna wowalondolera njira, ndipo zonsezi ndi ndalama. Chachiwiri, malo akayamba kukopa anthu, amakopanso ofuna kutenga malowo. Mudzi umene sunakonzekere umadzazindikira mpanda utazikidwa kale.

Zimene tili nazo

Dera lathu lili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo phiri la Dómuè limapitirira mamita 2,000. Pamene mumzinda wa Tete kutentha kumadutsa madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kuno usiku munthu amafunda. Mu Juni ndi Julaye kumazizira moti ana amawotha moto m'mamawa. Ife tinazolowera, koma kwa munthu wogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Moatize, mphepo yozizira ndi chinthu choti atha kuchilipirira ulendo.

Phiri la Dómuè lilinso ndi mbiri. Angoni a kwa Maseko, atabwerera kuchokera ku Songea, anadzakhazikika m'munsi mwake cha m'ma 1870, motsogozedwa ndi Chidyaonga, ndipo pambuyo pake analamulira Chikuse. Dzina loti Angónia likuchokera kwa Angoniwo. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la mu 1891 ndi limene linadula malire pakati pa anthu amodzi, n'chifukwa chake lero mbumba imodzi ili ku Ulónguè, ina ku Ntcheu.

Palinso mishoni ya Lifidzi, imene ansembe achiJezuiti anayambitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndi malo a Chapotera, kumene ansembe awiri, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anaphedwa pa 30 Okutobala 1985, m'nthawi ya nkhondo. Akhristu amapitako kale kukapemphera. Amenewo ndi alendo, ngakhale sitiwatchula choncho. Gule Wamkulu naye anazindikiridwa ndi bungwe la UNESCO mu 2005 monga chuma cha Malawi, Mozambique ndi Zambia pamodzi.

Tsidya la malire

Mapiri ake ndi amodzimodzi, mphepo ndi imodzi, chinenero ndi chimodzi, koma ku Dedza anatitsogolera. Phiri la Dedza, la mamita 2,198, limakweredwa ndi alendo ochokera ku Lilongwe amene amanyamuka m'mawa n'kubwerera madzulo. Dera la Chongoni, lomwe lili ndi malo 127 a zithunzi zakale zojambulidwa pamiyala, linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Zithunzi zofiira anajambula ndi Akafula, zoyera anajambula ndi alimi a Chichewa, ndipo zambiri n'zokhudza chinamwali ndi nyau. Ku Mua kuli malo a Kungoni, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene mlendo amaphunzira za Achewa, Angoni ndi Ayao. Kumwera, phiri la Mulanje linalowa m'kaundula yemweyo mu 2025, ndipo kumeneko olondolera alendo ndi onyamula katundu ali ndi bungwe lawo.

Chimene anzathuwa anatipambana si kukongola kwa phiri. Mlendo asananyamuke kwawo amadziwa dzina la malo, poyambira njira, munthu womutsogolera, mtengo wake ndi kogona. Munthu wapaulendo sakonda kufunsafunsa. Akawoloka pa chipata cha Calómuè n'kuona kuti zonsezi zili mbali inayo, amakasiya ndalama zake mbali inayo.

Mlendo wathu ndi ndani?

Tikamva za alendo, ambiri timaganiza za mzungu wa chikwama kumsana. Ameneyo atha kubwera, koma si woyamba. Woyamba ndi wantchito wa ku Tete kapena Moatize amene akufuna kupumula Loweruka ndi Lamulungu. Msewu ulipo: N7 mpaka pa Mussacama, kenako N304 kudzafika ku Ulónguè. Wachiwiri ndi ophunzira, kuphatikizapo a sukulu ya zaulimi ya UniZambeze imene ili ku Ulónguè komweko, ndi magulu a mipingo. Wachitatu ndi abale a tsidya. M'nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992, anthu oposa miliyoni imodzi a dziko lino anathawira ku Malawi, ambiri ku Dedza ndi Ntcheu. Maukwati ndi maubwenzi a nthawi imeneyo alipobe, ndipo anthu amawoloka pa zikondwerero ndi pa maliro.

Kudziwa zimenezi kumathandiza kuti mudzi usalakwitse poyambira. Alendo otere safuna hotela ya zipinda 50. Amafuna chipinda choyera, madzi osamba, chimbudzi chabwino, nsima ya nkhuku yachikuda, ndi munthu wodziwa njira. Tisaiwalenso kuti mthumba mwawo si mozama. Ndalama ya kwacha inagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mlendo wa ku Malawi amawerenga kawiri asanasinthe ndalama zake kukhala meticais. Mtengo wokwera mopitirira ungothamangitsa anthu ochepa omwe akanabwera.

Ndalama zimatsala pati?

Anthu ena amakumbukira lamulo la 20 peresenti, limene linakhazikitsidwa mu 2005, loti gawo la misonkho ya nkhalango ndi nyama zakutchire lizibwerera kwa anthu a m'deralo. Lamulolo lilipo, ndipo chigawo chathu chinayamba kale njira yotere ndi ndondomeko ya Tchuma Tchato ku Mágoè m'zaka za m'ma 1990. Koma kuti mudzi ulandire, pamafunika komiti yodziwika ndi boma ndiponso akaunti ya kubanki. Komanso ndalamazo zimachokera pa misonkho imene boma latolera. Munthu wongokwera phiri limene silili m'paki salipira msonkho wotero. Tsono pa mapiri athu phindu silidzabwera kudzera ku boma. Lidzachokera pa ntchito imene anthu eniake agwira.

Ubwino wake ndi wakuti nyengo yokwera mapiri ndi ya chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, pamene chimanga chili kale m'nkhokwe. Achinyamata amene alibe dimba amakhala ndi nthawi. Amayi amene amagulitsa mbatatesi, kabichi, mapichesi ndi nyemba m'mbali mwa msewu amadziwa kuti thumba logulitsa kwa mavenda silifanana mtengo ndi mbale ya chakudya chophika. Komabe tinene zoona: alendo sangalowe m'malo mwa munda. Mlendo ndi mame. Chaka cha 2020 matenda a Covid-19 anatseka malire, ndipo zionetsero zotsatira chisankho cha pa 9 Okutobala 2024 zinatseka misewu m'madera ambiri. Pa nthawi zoterezi alendo amasiya kuyenda tsiku lomwelo. Wogulitsa ng'ombe kuti amange nyumba ya alendo aganize kawiri.

Nkhani ya malo

Apa ndi pamene pagona ngozi yaikulu. Malinga ndi Lamulo la Malo la mu 1997, nambala 19/97, malo onse ndi a boma, ndipo sagulitsidwa. Chimene munthu amakhala nacho ndi ufulu wogwiritsa ntchito malowo, umene timautchula kuti DUAT. Lamulo lomweli limanena kuti banja kapena mudzi umene unapeza malo motsata mwambo uli ndi ufuluwo ngakhale ulibe pepala, chimodzimodzi nzika imene yakhala pamalo mwachilungamo kwa zaka 10. Amayi ali ndi ufulu wofanana ndi abambo. Ndipo munthu wofuna malo kuti amangepo nyumba ya alendo sangapatsidwe DUAT anthu a m'deralo asanafunsidwe pa msonkhano.

Msonkhano umenewu ndiwo chishango cha mlimi, koma chishango chimagwira ntchito chikakhala m'manja. Ngati pa msonkhanopo pafika amfumu ndi anthu owerengeka, n'kusayina chikalata cholembedwa m'Chipwitikizi chimene ambiri sanachimve, lamulo limaoneka ngati latsatidwa koma mudzi waluza. Malo amene womanga amawafuna ndi a m'mphepete mwa phiri, poonekera patali, pafupi ndi kasupe. Malo omwewo ndi amene ng'ombe zimadya, amayi amatola nkhuni, ndipo madzi othirira madimba amachokera. Mafunso ofunsa ndi odziwika. Malire ake ayambira pati n'kulekeza pati? Njira yopita kumadzi ikhala yotseguka? Ndi anthu angati a m'mudzi adzalembedwa ntchito, ndipo ntchito yanji? Kodi zonsezi zalembedwa m'chikalata, kapena zangonenedwa pakamwa? Lonjezo la pakamwa silimangitsa munthu.

Mitengo, moto ndi malo aulemu

Palibe mlendo amene angayende makilomita ambiri kudzaona zitsa. Makala, nkhuni zowotchera fodya ndi njerwa, ndiponso moto wosakira mbewa m'miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala zikudya mitengo ya m'mapiri mbali zonse ziwiri za malire. Mlimi safunika mlendo kuti amuuze kuipa kwake, poti amaona yekha mtsinje ukuphwa msanga ndi nthaka ikukokoloka. Koma wootcha makala sachita dala, amafuna sopo ndi makope a ana. Ngati mnyamata yemweyo apeza ndalama polondolera alendo kangapo pa mwezi, ayamba kuona mtengo woima ndi diso lina. Ngati ndalama zonse zipita kwa mwini nyumba ya alendo, nkhwangwa sidzaleka kulira.

Pali malo enanso amene si a mlendo. Manda, dambwe ndi malo othirira nsembe ali ndi eni ake ndi malamulo ake. Kuzindikiridwa kwa Gule Wamkulu ndi UNESCO sikunatsegule dambwe kwa aliyense wokhala ndi foni yojambulira. Akuluakulu a mwambo ndiwo anene chimene chingaonetsedwe pabwalo ndi chimene sichijambulidwa, ndipo anene alendo asanafike. Pa mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, Achewa a mayiko atatu amasonkhana chaka chilichonse mu Ogasiti, gule amavinidwa pamaso pa khamu, koma zinsinsi zimakhala kwa eni ake.

Poyambira

Zambiri zofunika sizidikira ndalama za ku Maputo. Mudzi wa m'munsi mwa phiri utha kugwirizana njira imodzi kapena ziwiri zokwerera, n'kuzilambula. Utha kusankha achinyamata, anyamata ndi atsikana, odziwa Chichewa ndi Chipwitikizi, ndipo ena Chingerezi, kuti aphunzire mbiri kwa agogo adakali moyo. Utha kuika mtengo umodzi wodziwika, kuti mlendo asamakanganirane, ndi kugwirizana gawo lolowa m'thumba la mudzi. Utha kupempha kuti malo ake ayezedwe ndi kulembedwa m'kaundula wa boma wofuna malo asanabwere. Kwa akuluakulu a boma la Angónia ndi la Tsangano kwatsala zikwangwani, kukonza misewu yafumbi yopita kumapiri, ndi kukambirana ndi anzawo a ku Dedza ndi Ntcheu kuti mlendo wofika ku Chongoni auzidwe kuti Dómuè ali pafupi.

Alendo atha kuchuluka zaka zikubwerazi, athanso kuchedwa. Mudzi umene wasunga mitengo yake, walembetsa malo ake ndipo wagwirizana malamulo ake sunataye kanthu ngakhale atachedwa, chifukwa kasupe yemweyo ndi amene adzathirira mbatatesi chilimwe chamawa.