Kupereka lipoti la msonkho pa intaneti ndi kwaulere: zomwe alimi ndi amalonda a ku Mwanza ayenera kudziwa

Kulembetsa nambala ya wokhoma msonkho, yotchedwa TPIN, komanso kupereka lipoti la phindu la pachaka kudzera pa Msonkho Online salipiritsa. Bungwe lotolera misonkho la MRA, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo m'chaka cha 1998 n'kuyamba ntchito mu 2000, limalandira msonkho wokhawo umene lamulo likunena. Aliyense wokuuzani kuti pali ndalama ya fomu kapena yotsegulira akaunti akukunamizani.

Nkhaniyi ikukhudza boma la Mwanza kuposa maboma ambiri. Pachipata cha Mwanza ndi pamene pamadutsa katundu wochokera ku Zimbabwe ndi ku South Africa kudzera ku Tete ndi ku Zobue, ndipo paliponse pamene pachuluka mapepala a boma sipasowa madobadoba. Kale ankadikirira pa mzere wa kasitomu. Lero ena atsegula laputopu m'kachipinda, ndipo wamalonda wosazolowera kompyuta amawapatsa TPIN yake pamodzi ndi nambala yachinsinsi kuti amulembere. Kulipira munthu wodziwa za maakaunti kuti akuthandizeni si mlandu. Choopsa chili pa nambala yachinsinsiyo, pakuti zonse zolembedwa m'akaunti yanu zimatengedwa kuti mwalemba ndinu. Dobadoba akalemba phindu labodza, kapena akalandira ndalama osatumiza lipotilo, chindapusa chimagwera mwini TPIN, iye ali phee.

Lamulo la misonkho likuti lipoti la pachaka lifike ku MRA pasanathe masiku 180 chitsekereni mabuku a chaka cha bizinesi yanu. Ambiri amapunthwa pa mfundo yakuti munthu wolembetsedwa ayenera kupereka lipoti ngakhale chaka chimenecho malonda sanayende. Kukhala chete sikutanthauza kuti simunapindule. Kumangosonyeza kuti simunapereke lipoti. M'chaka cha 2021 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loyendetsera misonkho, lomwe linaika pamodzi ndondomeko za kulembetsa, malipoti ndi zilango, komanso lamulo lokhazikitsa bwalo lomva madandaulo a okhoma msonkho. Choncho wosakhutira ndi msonkho umene auzidwa ali nako kodandaula, koma kumeneko amafuna mapepala, osati mawu apakamwa.

Alimi asaone ngati izi n'za eni magolosale okha. Mlimi kapena kalabu yogulitsa nandolo, manachesi kapena mbewu zina ku kampani amadulidwiratu msonkho pa malipiro ake, ndipo wogulayo amayenera kupereka chikalata chosonyeza ndalama yodulidwayo. Ndalama imeneyi imachotsedwa pa msonkho wa pachaka, ndipo ngati yaposa msonkho woyenera, mlimi angathe kuitanitsa yotsalayo. Koma izi zimatheka kwa amene ali ndi TPIN, wasunga zikalata ndipo wapereka lipoti. Amene sapereka amasiya ndalama yake m'thumba la boma mwakufuna kwake. N'chimodzimodzinso wamalonda amene walipiriratu msonkho wa phindu polowetsa katundu pachipata.

Tinene chilungamo: ntchito yaulere imakhalabe ndi mtengo wake kwa munthu wa ku Thambani kapena ku Kunenekude. Pafunika foni yabwino, bando ya intaneti, netiweki yosadukaduka ndi magetsi otchajira, ndiponso mawu ambiri a pa makinawo ndi Achingerezi. Mpata umenewu ndi umene madobadoba akulowerapo, ndipo sudzatsekeka ndi chidziwitso ngati chino chokha. Ngakhale ku America, kumene intaneti ili paliponse, bungwe la misonkho la IRS linayesa njira yakeyake yaulere yotchedwa Direct File m'chaka cha 2024 chabe, m'zigawo 12, anthu ambiri atazolowera kale kulipira makampani kuti awalembere. Kwathu kuno njira yaulereyo ilipo. Chotsala ndi chakuti ifike kwa anthu a kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati.

Pakadali pano amene akuvutika ndi makinawa apite ku ofesi ya MRA ndi chiphaso cha unzika, malisiti a zogula ndi zogulitsa, komanso zikalata za msonkho wodulidwiratu. Ogwira ntchito kumeneko amathandiza popanda malipiro. Msonkho ulipiridwe ku banki kapena kudzera m'njira zina zovomerezeka ndi MRA, osati m'manja mwa munthu, ndipo amene anaperekapo kale nambala yake yachinsinsi kwa wina aisinthe sabata ino.