Kodi boti la thanga lingatsitse mtengo wa nsomba ku Chiradzulu?

Boma la Chiradzulu lilibe nyanja, choncho nkhani ya maboti imaoneka ngati ya anthu a ku Mangochi ndi ku Nkhotakota. Koma mukayenda m'misika ya Mbulumbuzi, Namadzi, Namitambo ngakhalenso pa PIM, mupeza kuti ndiwo yomwe banja losauka limathamangira ndi matemba, usipa ndi milamba youma.

Nsomba zimenezi zimachokera ku nyanja ya Chilwa ndi nyanja ya Malawi. Mulu uliwonse wa usipa umafika pamsika utasenza kale mtengo wa boti, ukonde, mafuta ndi thiransipoti, ndipo wolipira zonsezi pomaliza ndi mayi wogula uja.

Malinga ndi kalembera wa 2018, bomali lili ndi anthu oposa 350,000 pa malo ochepa kwambiri. Minda ndi yaing'onoing'ono, ziweto n'zosowa, ndipo nyama mabanja ambiri amaionera pa Khirisimasi. Mtengo wa nsomba ukakwera, woyamba kuvutika ndi mwana wa kumudzi.

Mitengo yatha, mafuta avuta

Msodzi wa dziko lino ali pampanipani wa zinthu ziwiri. Choyamba ndi mitengo. Bwato labwino limafuna mtengo umodzi waukulu, wolimba komanso woongoka, ndipo boti la matabwa limafuna mbawa kapena mlombwa. Mitengo yotereyi yatha m'madera ambiri, moti ena akusemera mabwato mitengo ya mango ndi bulugamu yomwe sichedwa kuola.

Chachiwiri ndi mafuta. Ndalama ya kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mu 2024 ndi 2025 Amalawi anagona m'mizere pofuna petulo. Injini ya boti, zipangizo zake ndi mafuta ake, zonsezo n'zoitanitsa kunja. Petulo akasowa boti limagona padoko, usipa umachepa ndipo mtengo umakwera.

Apa ndi pomwe pakubwera funso lomwe akuluakulu a zausodzi ndi a zamaulendo apamadzi akuyenera kulilingalira mofatsa: bwanji osayesa boti laling'ono la faibagalasi loyendera thanga, lomwe silifuna mtengo wa m'nkhalango komanso silimwa mafuta?

Thanga si lachilendo kuno. M'zaka za m'ma 1840, Jumbe wa ku Nkhotakota anali ndi zombo za matanga zomwe zinkaoloka nyanja ndi minyanga ya njovu komanso akapolo. Zombo za mtundu womwewo zakhala zikunyamula anthu ndi katundu pakati pa Likoma, Chizumulu ndi gombe la ku Mozambique.

Kuchokera m'zaka za m'ma 1980, pa nyanja ya Malawi pakhalanso pakuchitika mpikisano wa maboti a faibagalasi oyendera matanga, kuyambira ku Mangochi kulowera kumpoto pa mtunda woposa makilomita 500. Amalawi ambiri amangouona ngati masewero a azungu ndi anthu opeza bwino, komatu mpikisanowu umaonetsa kuti mphepo ya nyanja yathu ili ndi mphamvu yokwana kuyendetsa boti popanda dontho la petulo.

Faiba n'chiyani?

Faibagalasi, yemwe anthu amangomutchula kuti faiba, ndi ulusi wopyapyala wa galasi wolukidwa ngati nsalu, womwe amaunyowetsa ndi ulimbo wa mankhwala. Mmisiri amayala nsaluyo m'chikombole chooneka ngati boti, n'kupaka ulimbo, n'kuyalanso ina pamwamba mpaka khoma litakhuthala mokwanira. Zikauma zimalimba gwa.

Monga momwe chikombole chimodzi chimaumbira njerwa zambirimbiri zofanana, chikombole cha boti chimatulutsanso maboti ambiri ofanana. N'chifukwa chake kuchokera m'ma 1950 ndi 1960, maboti ang'onoang'ono ambiri ku Ulaya ndi ku America anasiya matabwa n'kuyamba faiba.

Ubwino wake ndi woonekeratu. Faiba saola, sadyedwa chiswe, sachita dzimbiri, ndipo alibe mipata ya pakati pa matabwa yofuna kumata chaka ndi chaka. Kumaiko akunja kuli maboti omwe anaumbidwa zaka 40 kapena 50 zapitazo omwe akuyendabe.

Koma paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thabwa limayandama, faiba ayi. Bwato la mtengo likagudubuka limatsala pamwamba ndipo anthu amaligwirira podikira chithandizo. Boti la faiba likadzaza madzi limapita pansi ngati mwala, pokhapokha ngati woumba anasiya zipinda zotsekeka za mpweya kapena anaikamo thovu louma lopepuka kutsogolo, kumbuyo ndi pansi pa mipando. Wogula boti la faiba osafunsa za zimenezi wagula bokosi la maliro.

Momwe limayendera

Ambiri amaganiza kuti thanga limangokankhidwa ndi mphepo yochokera kumbuyo. Thanga losokedwa bwino limagwira ntchito ngati phiko la mbalame: mphepo ikamadutsa mbali zake ziwiri imalikokera kutsogolo ndi cham'mbali.

Kuti boti lisamangotsetserekera m'mbali, pansi pake amaikapo chipsepse cholowa m'madzi. Thanga ndi chipsepse zikagwirizana, boti limatha kuyenda mopingasa mphepo, ngakhalenso kulowera komwe mphepoyo ikuchokera. Silingalunjike mphepo maso ndi maso, koma limayenda mokhotakhota, uku kenako uko, monga amachitira wanjinga pokwera chitunda atanyamula thumba la chimanga.

Zombo zakale ndi matanga a masaka omwe asodzi ena amaimika pa bwato zimachita bwino mphepo ikakhala kumbuyo kapena m'mbali, koma zimavutika kubwerera. Apa ndi pomwe boti lamakono limapambana.

Pa liwiro tisanamizane. Boti lotalika mamita 6 loyenda mokankha madzi silipitirira kwenikweni makilomita 11 pa ola, ndipo mphepo ikazizira limangoima. Woyendetsa amayeneranso kudziwa kupinda thanga kuti lichepe mphepo ikakula, apo ayi mlongoti uthyoka kapena boti ligudubuka.

Chilwa si Malawi

Cholakwika chachikulu chingakhale kuitanitsa boti la mtundu umodzi n'kuligawa paliponse, chifukwa nyanja ziwirizi n'zosiyana kutalitali.

Nyanja ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 550 ndipo kumpoto imazama pafupifupi mamita 700. M'miyezi yozizira, mwera wochokera kummwera chakummawa umautsa mafunde otalika kuposa munthu, pomwe nyengo ya mvula imadza ndi mpoto ndi namondwe wadzidzidzi.

Boti la kumeneku limafuna chipsepse cholemera, chothiridwa chitsulo kapena mtovu. Pa maboti ambiri oyenda maulendo ataliatali, chipsepse chimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa boti lonse, n'cholinga choti likapendekeka lizidzuka lokha. Limafunanso denga kutsogolo kuti funde lisalowe, ndi zibowo zotulutsa madzi pokhala woyendetsa.

Nyanja ya Chilwa, yomwe imalandira madzi a mtsinje wa Namadzi ndi mitsinje ina, ndi yosaya, ya matope ndi mabango, ndipo ilibe potulukira. Inauma mu 1968 ndi mu 1995, inaphweranso kwambiri mu 2012 ndi 2018, kenako inadzaza mpaka kusefukira itagwa mvula ya namondwe wa Freddy mu 2023.

Boti la chipsepse chokhazikika cha mita imodzi lingatitimire m'matope lisanachoke pa doko la Kachulu kupita pa chilumba cha Chisi. Kumeneku kukufunika boti la pansi potambalala, la chipsepse chokweza ndi kutsitsa, la chiwongolero chopindika chikagunda pansi, komanso la mlongoti woti munthu mmodzi athe kuugwetsa n'kuyamba kupondera ndi nsungwi akalowa m'mabango.

Kapangidwe ndi moyo

Mbiri yathu yatiphunzitsa kale kuti kapangidwe ndi kanyamulidwe ka chombo ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Pa 30 July 1946 sitima ya Vipya inamira pafupi ndi Chitimba pa nthawi ya mwera, ndipo anthu 145 anafa. Sitimayo inali yatsopano, ndipo kuchokera nthawiyo anthu akhala akuloza chala kulemera kwake kwa kumwamba.

Pa Pasaka wa 2017, boti lodzaza mopyola muyeso ndi akhristu ochokera kumapemphero linagudubuka ku Mlowe m'boma la Rumphi. Mu April 2023 anthu opita kumaliro anamira pa mtsinje wa Rusa ku Mchinji, ndipo mu May chaka chomwecho mvuu inagubuduza bwato pa Shire ku Nsanje.

Faiba payekha sangathetse ngozi zoterezi. Boti lililonse, kaya la thabwa kaya la faiba, lili ndi malire a katundu. Dziko lino lili ndi lamulo la 1995 la maulendo apamadzi lomwe limapatsa nthambi ya zamaulendo apamadzi mphamvu yoyendera ndi kulembetsa maboti, koma pa madoko ambiri majekete oyandamitsa munthu saoneka n'komwe.

Phunziro lina likuchokera ku Sri Lanka ndi Indonesia. Chigumula cha tsunami cha 2004 chitaononga maboti a asodzi, mabungwe anathamangira kugawa atsopano. Ambiri anaumbidwa mofulumira ndi amisiri osadziwa bwino ntchito, ena anali osayenera madzi a kumaloko, ndipo anatha msanga kapena kungosiyidwa pagombe. Asodzi sanafunsidwe.

Thanga silichita zonse

Pali ntchito zina zomwe thanga silingathe. Pa nthawi ya Freddy, pomwe matope ndi miyala zinakwirira mudzi wa Ntauchira kwa T/A Likoswe ku Chiradzulu, anzathu a ku Phalombe, Mulanje ndi Nsanje anazingidwa ndi madzi. Kupulumutsa anthu pa madzi othamanga chotero kumafuna injini yamphamvu.

Chimodzimodzi asodzi a chilimira, omwe amafuna kuzinga nsomba mwachangu usiku, sangataye injini. Komwe thanga lingathandize ndi pa ulendo wopita ndi kubwerera kokaponya ukonde, ponyamula nsomba zouma, ufa, nkhuni ndi anthu a pazilumba, komanso pa zokopa alendo. Boti lokhala ndi thanga pamodzi ndi kainjini kakang'ono limawotcha mafuta pokhapo pomwe mphepo yakana.

Vuto lina ndi mtengo wogulira. Ulimbo ndi nsalu ya galasi n'zochokera kunja ndipo zimafuna ndalama zakunja zomwe zikusowa kale. Kusiyana kwake n'kwakuti faiba umamugula kamodzi, pomwe petulo umamugula tsiku lililonse. Msodzi payekha sangakwanitse, koma makomiti a m'madoko ndi magulu a asodzi atapeza ngongole yobweza pang'onopang'ono angathe.

Mpata wa Chiradzulu

Boti la faiba saumbira pagombe pokha. Limafuna shedi, chikombole ndi manja aluso, kenako limakwera lole. Chiradzulu ili pakhomo pa Limbe pomwe pamafikira katundu wakunja, ndipo msewu wa Zomba umadutsa m'bomali.

Bomali lilinso ndi sukulu za ntchito zamanja monga ya Mikolongwe ndi ya Aida Chilembwe. Bungwe la TEVETA, mogwirizana ndi sukulu ya zausodzi ya Mpwepwe ku Mangochi ndi ya zapamadzi ya ku Monkey Bay, likhoza kuyambitsa maphunziro a ntchito ya faiba. Wodziwa kuumba boti amathanso kuumba ndi kumata mathanki a madzi, ndipo telala wa pa Mbulumbuzi akhoza kuphunzira kusoka thanga.

Poyambira pake si kugula maboti mazanamazana. Boma liumbe ochepa, amitundu iwiri, ena a Chilwa ena a nyanja ya Malawi, liwapereke kwa asodzi eniake kwa chaka chathunthu kuti awayese pa mwera ndi pa mpoto, ndipo ziwerengero za mafuta omwe apulumuka zilengezedwe poyera.

Zikakanika, tidzakhala titataya zochepa. Zikatheka, msodzi adzasunga ndalama, mibawa yotsala idzapuma, ndipo ku Namitambo mulu wa usipa udzasiya kukwera mtengo nthawi iliyonse pomwe mizere yayamba pa malo omwetsera mafuta.