Tibwezeleni ma band mu komboni

Ise amene tinakulila mu Matero tiziba kusiyana kwa band na flash. Ku Showgrounds mu August, Amayenge akayamba kuimba, ng'oma inali kumveka mpaka mu chifuwa. Manje oimba ambili amabwela na DJ chabe: nyimbo ilila pa kompyuta, beve akuwa pamwamba, koma tikiti ni yodula.

Yo Maps anazaza Heroes Stadium mu 2023, ndiye kuti anthu olipila aliko. Nanga mwana wa ku Kanyama azaphunzila bwanji gitala ngati sanaonepo munthu ailiza? Paul Ngozi anachokela mu Chibolya. Ba promoter, lipilani oliza zida, mubweletse ma band mu komboni masana, ana aoneko.