KUZIZIRA KWA KU DEDZA SIKUPHA KOLERA

M'mapiri a Dedza muli chikhulupiriro chimene atsogoleri ayenera kuchizula dzinja lisanafike. Anthu ena a ku Bembeke ndi kuzungulira phiri la Dedza amati kolera ndi nthenda ya kuchigwa, ya asodzi a ku Mtakataka ndi anthu a ku Golomoti, ndipo kuti chisanu cha kumtunda chimaithamangitsa. Limeneli ndi bodza lotengera anthu kumanda.

Nthendayi inalowa m'Malawi m'chaka cha 1973. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa anamondwe a Ana ndi Gombe, sunasiye boma ngakhale limodzi, ndi la Dedza lomwe. Anthu oposa 58,000 anadwala, ndipo oposa 1,700 anamwalira. Zinthu zinafika poipa kotero kuti mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa.

Tizilombo ta kolera sitiopa chisanu. Timachoka m'chimbudzi cha wodwala ndi kulowa m'madzi ndi m'zakudya, ndipo munthu angathe kutinyamula iye osadwala konse. Munthu woteroyo amakwera basi pa msewu wa M1, natsikira pa Chimbiya kapena pa Lizulu kudzagula mbatatesi ndi kabichi. Wina amadutsa pachipata kuchokera ku Angonia. Msika wopanda chimbudzi chokwanira umawalandira onsewa mofanana. Ndiponso nyansi zotayidwa patchire kumtunda sizikhala pomwepo: mvula imazikokolera mumtsinje wa Linthipe, umene abale a ku Salima amatungamo madzi.

N'chifukwa chake apampando a nthambi za Chipani, mafumu ndi antchito a Boma asadikire kumva kulira kwa maliro. Chimbudzi chimakumbidwa m'chilimwe, nthaka ili youma, osati mvula itayamba kugwetsa maenje. Mjigo wowonongeka ukonzedwe tsopano lino. Alangizi a zaumoyo aperekezedwe khomo ndi khomo pamene akugawa kolorini wothira m'madzi akumwa. Mtsogoleri amene kwake kulibe mpondagiya, ndipotu otere alipo, alibe pakamwa polangizira anzake.

Kolera imatha madzi m'thupi ndi kupha munthu wamkulu m'maola ochepa. Wotsegula m'mimba madzi onga otsukira mpunga amwetsedwe Thanzi nthawi yomweyo, apitirize kumwa m'njira monse, ndipo afike kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale kutakhala usiku.