Lichinga ali pafupi kwa wa ndege yekha

Kuchokera pa bwalo la ndege la Chingodzi ku Tete kukafika ku Lichinga pali makilomita pafupifupi 360. Pa ndege ulendowu sukwana ndi ola lomwe.

Nanga mlimi wa ku Moatize amene m'bale wake wadwalika ku Niassa, ndalama za tikiti azitenga kuti? Iye amakwera chapa n'kudzera m'dziko la Malawi, kuonetsa pasipoti kanayi: pa Zóbuè, Mwanza, Chiponde ndi Mandimba. Wopanda pasipoti ayenera kuzungulira cha ku Caia ndi Cuamba, makilomita oposa 1,000.

Maboma a Mozambique ndi Malawi agwirizane kuti anthu ongodutsa azipatsidwa chikalata chimodzi chotsika mtengo. Anthu ambiri amayenda pansi, choncho njira ya pansi ndiyo iyambe kufupikitsidwa.